Zitheba Zimene Zinakanidwa ku Ulaya

Inu ana a makompyuta, siyani kaye mabataniwo mumve.

M'chaka cha 1996, pa famu ina kufupi ndi tauni ya Concession, kumpoto kwa Harare, Domingas anakhala pansi kuseri kwa shedi yolongedzeramo zitheba, akulira ngati wafedwa. Zitheba zonse zimene famuyo inatumiza pa ndege ku Ulaya zinali zitakanidwa. Manijala ananena poyera kuti zikakanidwanso, shedi itsekedwa, aliyense atuluke m'nyumba za kukomboni. Atuluke apite kuti? Makolo a Domingas anachoka ku Tete kalekale, kumudzi koti n'kubwererako analibe.

Mtsikanayu anayamba ndi tsache, kusesa mu ofesi. Kompyuta anaiphunzira movutikira, mpaka analemba pulogalamu youza anthu tsiku lopopera mankhwala ndi tsiku lothyola. Pulogalamuyo sinaphonye. Kungoti a ku Ulaya anali atasintha lamulo, mankhwala amene famuyo inkapopera sankawafunanso pa chakudya chawo.

Mayi ake, a Genoveva, anamupeza pomwepo.

"Amayi, ine sindinalakwe. Zamalamulo si ntchito yanga."

"Si ntchito yako? Ine ndisanatule tomato wanga pa msika wa Mbare, ndimayamba ndafunsa kumene akhonsolo akuthamangitsa ogulitsa lero. Iwe ukugulitsa kutsidya kwa nyanja osafunsa! Pukuta mamina, mwanangu, tiye."

Anamukokera kwa manijala.

"Bwana, mwanayu azipita ku Harare Lachisanu lililonse, akaphunzire malamulowo."

"Kamodzi pamwezi," anatero manijala.

"Kawiri, ndipo ya basi mulipira ndinu. Apo ayi, zithebazo mudzadya nokha."

Manijala anaseka, n'kuvomera.

Ku Harare sanamulandire ndi manja awiri. M'maofesi ankamuimika pamzere mpaka dzuwa kupendeka, ena n'kumufunsa kuti mwana wa pafamu akufuna chiyani ndi gazeti ya boma. Chingerezi cha malamulo chinali cholimba ngati chingowe chosapsa. Iye ankawerengabe. Chimene sanamve ankakafunsa kwa otumiza katundu kunja, akamubweza n'kubweranso.

Kenako anaiphwasula pulogalamu ija n'kuimanganso. Tsopano isanatchule tsiku lopopera, inkayamba yafunsa kuti zithebazo zikupita dziko liti, nanga lamulo la kumeneko ndi la kuno likuti chiyani.

Zokolola zotsatira zinakwera ndege, komboni yonse mitima ili m'mwamba. Uthenga utafika woti zalandiridwa, amayi a m'shedi anamunyamula Domingas, nthungululu zili pakamwa. A Genoveva anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukalipa:

"Mutsitseni mwana wanga, mundithyolera! Tiyeni pantchito, zitheba zikufota."

Ndiye inu olemba mapulogalamu, musamati zaboma ndi zamayiko n'za andale. Lamulo losainidwa kutali limafika mpaka pakhomo pa mayi anu, kaya mwaliwerenga kaya ayi. Liwerengeni lisanakupezeni. Ndipo likakugwetsani, osataya mtima. Dzukani, sansani fumbi, mukafunse.