Masamba Amene Anayanika Padzuwa

Zaka makumi awiri akutsuka mabotolo m'labotale ya pakoleji, palibe ngakhale limodzi limene anaswa. Ophunzira ankangowatcha Amayi a Mabotolo. Sukulu anailekeza mu sitandade 5, ndipo za m'mabotolomo sankafunsa. Zawo zinali burashi, sopo ndi madzi otentha basi.

Ndiye chaka chino mwana wawo wamkazi, chisamba chawo, anavala gauni yoyera m'chipinda chomwecho. Ankafufuza udzu wonunkhira ngati ndimu uja anthu amathira m'tiyi. Akuti masamba ake ali ndi mphamvu yoteteza thupi kuti lisamadyeke mkati ngati chitsulo cha dzimbiri. Poyesa, amadontheza madzi a masambawo m'mankhwala apepo. Akasanduka achikasu, mphamvu ilimo. Digiri yonse ya mwanayo inali pamenepo.

Tsiku lina mayiwo anapeza masamba atayalidwa pathebulo, pamthunzi, akadali lende. Aa, angachite nkhungu awa! Ndani amayanika chinthu m'nyumba dzuwa likuswa mtengo panja? Anawatulutsa masana onse, n'kuwabwezera bwinobwino asanaweruke.

Mawa lake akukolopa, anamva mphunzitsi akuchenjeza kalasi kuti dzuwa limatha kuwotcha mphamvu ya masamba. Mopu inawagwa m'manja.

Sabata yathunthu anakhala nazo mumtima. Chakudya sichinkatsika. Mwana akawafunsa, ankanamizira mutu. Ankaopa kuti mwanayo alephera, koma chimene ankaopa koposa n'chakuti achita nawo manyazi pamaso pa anzake: mayi wosaphunzira, wogwiragwira zinthu za eni.

Tsiku loyesa anafika m'mamawa, nagwira mwanayo pamkono asanayambe. Anaulula zonse, maso ali pansi.

Mwanayo anatsegula kabati n'kutulutsa timabotolo tiwiri ta madzi a masamba. Kena analembapo kuti "pamthunzi", kena "padzuwa".

"Ndinaona tsiku lomwelo, amayi. Masamba anali atambuwa. Ndinalira, kenako ndinakadula ena. Aphunzitsi akuti tiyerekeze zonse ziwiri, pepala la kafukufukuyu likoma."

Mayiwo anafunsa chifukwa chake sananene, munthu mpaka kuwonda ndi mantha. Iye anati ankadikira kuti aone kuti mayi ake amuopa mpaka liti. Kamwana kameneka!

Kenako anawapatsa kachubu kodonthezera, nati masamba a padzuwa ndi awo, ayese okha. Anakana, nati iwo ndi otsuka chabe. Mwanayo sanabweze mkono.

Dzanja limene silinaswepo botolo linalandira kachubuko. Dontho linagwa. Pepo uja anayamba kuzilala pang'onopang'ono, mochedwa kuposa wa pamthunzi umene mwanayo anayesa pambali pake, komabe anazilala.

Anayang'anitsitsa osaphethira. Zaka zonsezi akhala akukhuthulira madzi achikasu amenewa m'sinki.

"Mwanawe," anatero motsitsa, "tandiuzanso bwino. Chikuchitika n'chiyani umu?"