Tsiku Limene Ndinali Njanji

Fungo la oyilo wa makina a telala pa Boma landikumbutsa udindo wokhawo umene ndinaugwira osausiyira panjira.

Tili ana, msuweni wanga wa ku Limbe anabwera kwathu ku Jenala ndi kasitima kamalasha kachitsulo, kofanana ndi zija zokankha mabogi pasiteshoni. Ankakadonthezera oyilo ngati mwana wodwala khutu. Anzanga onse anaiwala sitima yanga yadongo.

"Ndigwireko, asuweni."

"Ndi manja amenewo? Ayi. Koma kuno kulibe njanji. Ndiwe wamtali, gona chafufumimba."

Ndinagona, poganizira chitukuko cha dera. Timateyala tozizira tinkakwera msana wanga n'kubwerera, anzanga akukuwa "pwiii!" Ine mphuno m'fumbi, osakaona n'komwe, ndikupempherera ngozi.

"Iwe njanji, siya kupuma!" anakalipa msuweni.

Ndinasiya.