Tsamba Lomaliza la Nambala 30

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ofesi ya bambo anga inasamutsidwa ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Masiku amenewo mzinda watsopano unali fumbi lokhalokha, mathirakitala akuzula mitengo uku ndi uku, ndipo nyumba imene anatilonjeza ku Area 10 inali isanafoleredwe n'komwe. Choncho anayamba atiika m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Old Town, kufupi ndi msika. Mayi anga, amene anachoka ku Rumphi ali mtsikana koma Chichewa chawo sichinawongoke mpaka imfa, ankati takhala ngati katundu wodikira basi.

Ine chuma changa chinali timabuku ta nthano za zithunzi, timene tinkatitcha makomiki. Tinali ta mndandanda umodzi, kuyambira nambala 1 kulekeza 30, ndipo nkhani yake inkapitirira buku ndi buku. Inali ya wapolisi wina wofufuza zigawenga amene dzina lake lachingerezi linkatipinda lilime, ndiye tinangomutcha Chipewa, poti ngakhale pomenyana chipewa sichinkamugwa. Ndinachoka ku Zomba ndi mabuku khumi ndi limodzi odumphadumpha, moti Chipewa ankagwera m'dzenje m'buku lina, m'buku lotsatira n'kumupeza ali m'sitima, ine osadziwa kuti watuluka bwanji.

Yusufu ndinamupeza pakhonde la sitolo ina, pamene bambo ake, Che Adamu, ankasokerapo zovala. Anali atakhala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, akuwerenga nambala 7 imene ine ndinalibe. Iye anali ndi mabuku asanu ndi anayi. Tsiku lomwelo tinawaphatikiza m'bokosi lathabwa losungiramo zidutswa za nsalu, ndipo Yusufu anatenga choko cha bambo ake n'kulemba manambala onse mkati mwa chivundikiro. Buku likapezeka, nambala yake tinkaidula ndi kamzere. Tinkasinthana podula, iye lero, ine mawa, ndipo panalibe amene ankati ili ndi langa.

Tinasaka chaka chathunthu. Ena tinasinthanitsa ndi anzathu akusukulu, lina tinalipeza kwa wometa tsitsi atatsekera nalo galasi losweka la zenera. Ine ndinali wapakamwa, wodziwa kunyengerera, pamene Yusufu anali wamaso ndi wamiyendo. Akamva kuti mwana wina ku Biwi ali ndi nambala 19, ankapita ngakhale dzuwa liswe mtengo. Potsiriza manambala onse anadulidwa, kupatula 30, buku la mathero.

Bukulo linatipeza lokha, koma lili zidutswa. Anthu ogwira ntchito m'nyumba za azungu amene anabwera kudzamanga mzinda ankatola mapepala otayidwa n'kukawapereka kwa amayi a mumsika kuti azikulungira malonda. Tsiku lina Yusufu anagula chitumbuwa kwa a Nabanda, mayi amene ankakhala pakhomo la msika, ndipo atachinyamula anaona nkhope ya Chipewa itanona mafuta, pangodya palembedwa 30. A Nabanda anali atang'amba bukulo kwawo ku Mchesi n'kulisakaniza ndi mapepala ena m'thumba, ndipo m'mawa uliwonse ankangotapamo odzaza dzanja. Tinawapempha kuti tikafufuze m'thumbamo, koma anakana.

"Ana inu, mapepala mudya? Pakhomo panga si pabwalo la mpira. Mukafuna, muzibwera pompano."

Tinapangana kuti tsamba limodzi la Chipewa tiziwabwezera nyuzipepala yathunthu, ndipo nyuzipepala zakale za bambo anga zinayamba kusowa m'nyumba. Bukulo linali la masamba 16. Yusufu analembanso manambala ena ang'onoang'ono pansi pa aja, ndipo m'mawa uliwonse tisanapite kusukulu tinkagwada pambali pa dengu la a Nabanda, tikuvundula mapepala. Sabata zina sitinkapeza kanthu. Masamba atakwana 15, Che Adamu anawasoka pamakina ndi ulusi woyera kuti asabalalike, uku akuseka kuti chiyambire utelala anali asanasokepo buku. Pa tsamba la 15 Chipewa anali atamangidwa m'nyumba yoyaka moto. Lomaliza silinaoneke.

Ndiye nyumba ya ku Area 10 inatha. Lole ya boma itabwera kudzatenga katundu, ndinathamangira kukhonde kuja n'kuuza Yusufu kuti bokosi ndilitenge, poti kumeneko kulibe makoswe ndipo denga silidontha. Ndinati Loweruka lililonse ndizibwera nalo. Iye sanatsutse, anandithandiza n'kulikweza pa lole. Kunena zoona, ndinkadziwa mumtima kuti ndikunama.

Kumalo atsopano kunali zii. Mipanda ya njerwa imene mukuiona leroyi kunalibe, unali mpanda wa waya ndi geti lachitsulo, koma anthu ankakhala ngati mipandayo ilipo kale. Nyumba yoyandikana nafe inali ya bwana wamkulu wa bambo anga, ndipo mwana wawo Denisi anali ndi njinga, nsapato zosewerera ndi Chingerezi chotuluka m'mphuno. Ndinkafunitsitsa kuti andione ngati munthu. Chimene ndinali nacho choposa iye chinali bokosi lija basi, ndiye ndinamuuza kuti mabuku onsewo anandigulira bambo ku Blantyre. Atafika pa nambala 30 anainyamula ndi zala ziwiri n'kunena kuti ikununkha zitumbuwa. Ndinaseka naye. Ku Old Town sindinapiteko, Loweruka linadutsa kasanu.

Linali Loweruka lachisanu ndi chimodzi, mwezi wotentha mvula isanagwe, ine ndi Denisi tili pakhonde, pamene ndinamva wina akuitana dzina langa, Chawa, pageti. Anali Yusufu. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Old Town, kudutsa kumene ankamanga City Centre, akufunsa njira kwa alonda ndi anthu omanga, chifukwa nambala ya nyumba sindinamuuze. Miyendo yake inali yofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo, milomo itauma gwa. M'dzanja anali ndi kansalu kopinda bwinobwino.

"Chawa, tsamba lija ndalipeza," anatero akumwetulira. "A Nabanda anatsala pang'ono kukulungira nalo munthu chitumbuwa."

Denisi ananditsatira kugeti n'kundifunsa m'Chingerezi kuti ameneyu ndani. Mawu amene ndinayankha ndimawakumbukira onse, ndipo ndinawanena m'Chichewa, Yusufu akumva.

"Ndi mwana wa telala amene amatisokera zovala. Angomutuma."

Geti sindinatsekule. Ndinapisa dzanja pakati pa zitsulo n'kulandira kansalu kaja. Mpopi wamadzi unali pomwepo pabwalo, mapazi khumi kuchokera pamene anaima, ndipo ndinamuona akuuyang'ana. Sanapemphe, inenso sindinamupatse. Ndinangoti apite bwino. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinawerenga tsambalo, Chipewa anapulumuka monga amachitira anthu a m'mabuku. Ndinafuna kudula nambala yotsala ija koma choko ndinalibe, ndinaidula ndi khala.

Mayi anali atapita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Pobwerera anakumana ndi Yusufu akumwa madzi m'manja pa mgolo wa anthu omanga nyumba, madzi osakanizira simenti. Anamufunsa ngati wafika kunyumba, iye anati wafika, ndipo sanawonjezepo kanthu. Koma mayi sanali mwana. Atalowa anandifunsa mafunso atatu okha: ngati ndinamupatsa mpando, ngati ndinamupatsa madzi, ndiponso kuti ndinamuperekeza mpaka pati. Ndinangoti zyoli. Ndinkayembekeza mkwapulo ndipo bwenzi utandipepukira, koma sanandikhudze.

"Kwathu ngakhale munthu amene wabwera kudzakutukwana umamupatsa madzi, umamuperekeza mpaka panjira," anatero. "Iwe wakwera pamsana pa njovu sabata zisanu zokha, wayamba kale kunena kuti pansi palibe mame. Loweruka unyamula bokosilo pamutu, upita wapansi. Basi usakwere."

Ndinapitadi. Bokosi la mabuku 30 silimalemera ukamalikweza pa lole, koma pamutu, padzuwa, mtunda wonse uja, khosi linachita kuuma. Ndinkayenda ndikukonza mawu opepesa, ndipo pena ndinkadzilimbitsa mtima kuti Yusufu ndi wofatsa, tikangotsekula bokosi ziiwalika. Ngakhale pamenepo ndinkaganiza kuti kufatsa kwa munthu ndi chinthu choti ine ndizidyerapo.

Che Adamu atandiona anaimitsa makina. Anachotsa nsalu pampando wa makasitomala n'kundiuza kuti ndikhale. Anatuma Yusufu kukatunga madzi, ndipo anabwera nawo m'kapu yagalasi imene ankasungira alendo, osati chikho chapulasitiki chimene tinkamwera tonse kale. Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinamwa pang'ono. Ndinapepesa mwachibwibwi, ndinati bokosi ndabweza, likhale pano monga kale, tsamba lija bambo alisokerere.

"Ukasunge kwanu," anatero Yusufu. "Mathero ndinawerenga panjira tsiku lija. Ndathana nazo."

Sanakalipe, sanandikumbutse zimene ndinanena pageti. Anakhala pansi n'kuyamba kusokerera mabatani pa malaya ena, mutu uli pansi. Ndinakhala pampando paja ngati theka la ola, osadziwa poika manja. Nditatsanzika, Che Adamu anadzuka, anasiya ntchito ya anthu pamakina, ananditwika bokosi n'kundiperekeza. Munthu wamkulu, wandevu zaimvi, anayenda nane pakati pa msika wonse mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, akundifunsa za sukulu ndi za moyo wa mayi. Pa mlathopo anaima.

"Ife timalekeza pano, mwanangu. Upereke moni kunyumba."

Ndinalira kuchokera pa mlatho mpaka kufika kwathu, bokosi lili pamutu, anthu akundicheukira.

Denisi anachoka chaka chotsatira bambo ake atawatumiza kunja, ndipo sindikhulupirira kuti angakumbuke dzina langa. Yusufu anatengera ntchito ya bambo ake, ali ndi shopu yakeyake ku Old Town komweko. Ndapitako kangapo pa zaka zonsezi. Amandilandira bwino, amafunsa za ana, koma moni wake ndi wa anthu amene anangodziwana m'basi. Ndinamuitana pa ukwati wanga, anatumiza nsalu, iye osabwera. Pa maliro a mayi anga anabwera, anakhala panja ndi amuna anzake mpaka titaika, n'kunyamuka osandipeza. Ndinadziwa kuti wabwera chifukwa cha mayi, osati ine.

Kwa nthawi yaitali ndinkamuona ngati wouma mtima. Ndinkati zinali zachibwana, ndinapepesa, ndinalangidwa, afunanso chiyani? Pano ndakula, tsitsi layera, ndipo ndikuona kuti kupepesa kwanga kunali kofanana ndi kusaka kwanga mabuku: ndinkafuna kudula nambala, nkhani ithe, mtima wanga ukhale m'malo. Koma wolakwa sindiye amene amanena kuti mlandu watha. Yusufu anandikhululukira, sanandisungire chidani, ndipo chimenecho ndi chimene akanatha kundipatsa. Ubwenzi uja ndinautaya ndekha masana dzuwa likuwala, pofuna kusangalatsa mwana amene sankandiwerengera n'komwe. Anthu ambiri andichitira zoipa pa moyo wanga ndipo ambiri ndawaiwala, koma zimene ndinachita ine tsiku lija zimandiwawabe, chifukwa palibe wina woti ndimuloze chala.