Chaka chimene amayi anandichotsera

Atate atachotsedwa ntchito ku fakitale, nyama inasiya kulowa m'nyumba mwathu ku Chawama. Palibe anaithamangitsa, inangoleka kubwera ngati mlendo wokwiya. Ndiwo zathu zinali repu ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, tsiku labwino kakapenta kongonunkhiritsa poto.

N'chifukwa chake mutu unandizungulira pamene akatekisiti anatiuza kuti Lachisanu lililonse la Lenti tizisala nyama. Tisale iti? Nanga masiku enawo, amene tinkasala kale popanda kuuzidwa, Mulungu sankawaona? Ndinafuna kufunsa, koma akatekisiti athu anali munthu wosachedwa kupsa mtima. Anawonjezera kuti lamuloli limayambira pa zaka khumi ndi zinayi. Ine ndinali nditakwanitsa zaka zimenezo mu Januwale.

Amayi anasangalala nazo kuposa ine. Tikuchokera ku Misa ya Lachitatu la Phulusa, mitanda yakuda ili pamphumi, anandigwira phewa.

"Manje wakula," anatero. "Chaka chino tizasala tonse babili."

Amayi sankanama, ndipo nthawi zina zinkanditopetsa. M'minibasi azimayi ena ankachepetsa zaka za ana awo kuti awakhazike pamiyendo. Iwo ayi. Akanalola kuyenda wapansi mpaka m'tauni.

Lachisanu lachitatu la Lenti, atate anapeza ganyu yotsuka m'buchala ina, ndipo mwiniwake anawapatsa matumbo ndi chifu cha ng'ombe m'pepala la pulasitiki. Anafika nazo masana, nkhope ikuwala koyamba m'miyezi yambiri. Atate sankapemphera kulikonse, za Lenti ankangozimvera kwa ife. Amayi anali atangobwera ku Njira ya Mtanda, korona ili m'manja.

"Bamake bana, onani vamene nabwelesa!"

"Lelo ni Chisanu," amayi anayankha motsitsa mawu.

"Chisanu nichani? Na kupya uku, vinthu ivi sivingafike mailo."

Sananame, sizikanafika mawa. Dzuwa la mu Malichi linali litalusa, filiji tinalibe, ndipo ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira pepala lija. Amayi anaima nthawi yaitali akuliyang'ana. Kenako anati azing'ono anga atatu sanafike msinkhu wa lamulo, ndiye atha kudya pamodzi ndi atate. Anasonkha mbaula.

Fungo lija sindidzaliiwala. Linadzaza chipinda, linatuluka pakhomo, mpaka ana a oyandikana nawo anayamba kusewerera pafupi ndi kwathu. Ine ndinakhala pakona ndi mbale ya chibwabwa, mtima ukuwawa. Ndinakwiyira akatekisiti, ndinakwiyira Januwale. Mng'ono wanga wonditsatira tinasiyana chaka chimodzi chokha, koma iye ankanyambita zala, ine ndikumeza malovu. Kodi njala yake inali yosiyana ndi yanga? Misozi inagwera mu nsima.

Amayi anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kumbali. Kenako anandiitana.

"Iwe, bwela udye. Ukali na thirteen."

"Amai, si munakamba kuti nakula?"

"Ndine ninakubala. Ninalakwisa kupenda zaka."

Khadi langa la ubatizo linali m'chitini pamwamba pa kabati, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimene zinalembedwapo. Ndinayang'ana chitini, ndinayang'ana mphika. Sindinadziwe kuti ndimvere lamulo liti, la kusala kapena la kulemekeza amayi. Ndinasamba m'manja n'kudya. Ndikanakonda kunena kuti nyamayo inandiwawa pakhosi, koma inali yokoma kwambiri, ndipo ndinapempha msuzi wina. Amayi anadya chibwabwa chawo chokha, atatembenukira kukhoma.

Tsiku lotsatira, Loweruka masana, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi kuti akalape, ine n'kuwatsatira. Ndinaima pamzere kumbuyo kwawo ndikukonza mawu m'mutu, koma sankakonzeka. Ndikauze ansembe kuti ndinadya nyama ndili ndi zaka zingati? Amayi atacheuka n'kundiona, anandikoka dzanja n'kundikhazika pabenchi.

"Iwe ulibe mulandu. Nkhala apa."

Anachedwa kutuluka. Atatuluka maso anali ofiira, ndipo anagwada pasimenti nthawi yaitali mpaka ine miyendo inachita dzanzi pabenchi paja. Pobwerera tinayenda tikulumpha zithaphwi za madzi a mvula. Titayandikira kumsika ndinalimba mtima.

"Amai, manje nili na zaka zingati?"

"Fourteen," anatero osandiyang'ana. "Osanifunsanso."

Nyama sinabwerenso mpaka Pasaka atadutsa, choncho Lachisanu lililonse lotsatira tinasala popanda vuto. Pano ndine mayi wamkulu, nyama ndimatha kuigula, ndipo pa Lenti ndimaisaladi. Koma mpaka lero sindidziwa kuti tchimo la tsiku lija linali la ndani, kapena ngati linalipo n'komwe. Chimene ndimadziwa n'chakuti amene anakhuta ndine, amene anakagwada ndi amayi.