Kaseti yomwe ndinakatola kudzala

Inali kaseti yotuwa, yong'aluka pakona, ndipo papepala lake panali dzina la mkazi lolembedwa ndi inki yofiira. Amalume anabwera nayo kwathu ku Dambe chaka chomwe ukwati wawo unatha. Anali mkamwini, ndiye nyumba, munda ndi ana awiri zonse zinatsala kumudzi kwa akazi awo. Iwo anangotulukako ndi njinga ndi wailesi.

Inali nyengo yokumba mtedza. Ndikamabwera kusukulu ndinkawapeza pansi pa mtengo wa mango, wailesi pamiyendo, kabotolo ka kachasu pafupi ndi phazi, mabatire akale atawayanika padzuwa. Nyimbo inali imodzimodzi, ya ku Zambia, yomwe anagula kuboda masiku omwe ankafunsira mbeta. Woimbayo ankadandaula kuti wasiyidwa, amwa mpaka aiwale. Koma magitala ake anali ovinitsa, ndipo ine ndinkangomva magitalawo. Ikatha ndinkabweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, kenaka nkuvinanso.

Amayi ankangoti, "Achimwene, nyimbo imeneyi ikuphani."

Tsiku lina anthu anawapeza amalume atagwa mu ngalande, njinga itapita ndi akuba. Amayi anasolola tepi yonse mu kaseti muja nkukaiponya kudzala. Tsiku lachitatu amalume anatenga khasu. Kwa milungu iwiri anakumba nafe mtedza, kudya nafe, mpaka anayamba kunena zopita kukaona ana awo.

Ine ndinasowa povinira. Ndinene zoona, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti ndinawamvera chisoni: ndinkafuna magitala anga. Ndinafukula m'phulusa ndi makoko a mtedza mpaka ndinaipeza. Tepi inali itapiringizana, itaduka pamalo amodzi. Ndinaiwongola ndi zala, nkulumikiza podukapo ndi mankhwala opaka m'zikhadabo omwe ndinapempha kwa mnzanga wa m'kalasi.

Ndinawapeza amalume akuthothola mtedza kuseri kwa nkhokwe, nkuwaonetsa kaseti ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanatambasule dzanja.

"Wachita bwino, mwana wa mlongo wanga," anatero chapansipansi.

Mawa lake ananyamula thumba la mtedza pamutu kupita kwa mayi wotcheza kachasu. Mvula isanayambe anali atapita kuboda kukanyamula akatundu a anthu, wailesi ili m'khwapa. Ana awo sanakawaone. Anabwerako patapita zaka ziwiri, ali m'bokosi.

Ndikudziwa kuti kaseti simwetsa munthu mowa. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri, makamaka ndikakhala mu minibasi ya ku Lilongwe anyamata akuimba mosangalala nyimbo za mtundu womwewo. Komabe amayi anamwalira akukhulupirira kuti mlongo wawo anakaitola yekha kudzala, ndipo anamusungira mangawa. Sindinawauze. Izi ndiye zimandiwawa kwambiri.

Masana omwe ndinaibweza aja, amayi ali kudimba, nyimbo inalira ndithu, ikumatsimphina polumikiza paja. Ndinavina mpaka fumbi kobo. Amalume ankandiombera m'manja, misozi ili chuchuchu, nkumati ndi fumbi langalo. Ndinawakhulupirira. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kukuthokoza pamene ukumupatsa chinthu chomwe wakhala akuchithawa kwa milungu iwiri.