Tcheyamani wa Thumba la Nsawa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinalowa ndale. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili giledi 6 pa sukulu yathu ya kumudzi cha ku Chiparamba, ndipo ulamuliro wanga unangotha masabata atatu. Koma musandipeputse. Alipo anthu amene akhala pa mpando zaka zambiri osafika pa zimene ine ndinawononga m'masabata atatuwo.

Ndalezo ndinaphunzira kwa amalume anga a Yokoniya, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali wachiwiri kwa mlembi wa nthambi ya chipani china, udindo umene unalibe ntchito iliyonse, koma ankauyendera ngati unduna. Chaka chimenecho chipani chawo chinali pa mkangano wa amene adzachitsogolere, ndipo masana alionse amuna ankasonkhana pakhonde la wokonza njinga, wailesi ili pakati, n'kumatsutsana mpaka malovu kuuma. Wina akanena kuti mtsogoleri wakutiwakuti anadya ndalama za mlatho, amalume sankakana ayi. Ankangofunsa kuti, "Nanga kwawo n'kuti?" Akamva kuti ndi wakuno kum'mawa, ankawongola kolala n'kunena kuti, "Ngati anadya, anadyera kuno. Wako ndi wako." Ine ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo ndinkakhulupirira kuti m'dziko lonse la Zambia munalibe munthu wanzeru kuposa amalume anga.

Mvula itayandikira, aphunzitsi athu a Sakala anatiuza kuti kalasi yathu idzalima nsawa m'munda wa sukulu, ndipo zokolola zake zidzatipititsa ku Chipata kukaona chionetsero cha zaulimi. Ambiri mwa ife tauni tinkangoimva. Mwana aliyense anauzidwa kubweretsa mbale ziwiri za nsawa zosasenda. Kwathu zimenezi sizinali zapafupi. Abambo anali atamwalira, ndipo chimene chinkatisunga ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono chinali munda wa nsawa. Mbewu yake amayi ankaisunga m'thumba lopachika kudenga, zija za mtundu wa chalimbana zamaso akuluakulu, ndipo ngakhale njala ivute bwanji thumba limenelo silinkakhudzidwa. Anandipimira mbale ziwirizo ngati akudzichotsa dzino.

Nsawa zonse zitasonkhana zinadzaza thumba lalikulu, ndipo analitsekera m'kachipinda kosungiramo makasu. A Sakala, amene ankatiphunzitsanso za kayendetsedwe ka dziko, anaona kuti apa ndiye poti tiphunzirepo chisankho. Anati tisankhe tcheyamani wosunga kiyi ndi kuyang'anira kusenda. Anawonjezera kuti mbewu ikasowa, wosunga kiyi ndiye adzayankhe, iye pamodzi ndi makolo ake. Pa mawu onsewo ine ndinangomvapo akuti kiyi.

Tinaima awiri, ine ndi Mwansa. Mwansayu anali mtsikana wa Chibemba, mwana wa alangizi a zaulimi amene anasamutsidwira kwathu kuchokera kumpoto. Masamu ankatiposa tonse, ndipo chinyanja chake chinali chopotoka pang'ono. Mfundo yake inali imodzi yokha: posenda mbewu aliyense aziimba mluzu, ndipo wosadziwa mluzu aziimba nyimbo. Zimenezi sanazitenge kwawo. Anazionera kwa amayi athu omwe, chifukwa kwathu mwana akamasenda mbewu amamuuza kuti aziimba mluzu, popeza pakamwa poimba mluzu sipangatafune. Kunena zoona mfundoyo inali yabwino, ndipo n'chifukwa chake inandiopsa.

Ndinathamangira kwa amalume. Iwo anandimvetsera mwachifatse ngati dokotala, kenaka anati, "Mphwanga, usalankhule za nsawa. Pa nsawa akugonjetsa. Iwe lankhula za kwawo."

M'mawa mwake pa nthawi yopuma ndinakwera pachulu kuseri kwa kalasi, n'kuyamba kukweza mawu monga ndinkaonera pa misonkhano. Ndinafunsa abale anga ngati zinali zoona kuti mbewu ya amayi athu isungidwe ndi munthu wochokera kumene amadya anyani. Chipongwe chimenechi akuluakulu amachitirana ndi Abemba kuyambira kale, iwo n'kutibwezera kuti ife timadya mbewa, kenaka onse n'kuseka n'kugawana fodya. Ine ndinatenga chipongwecho n'kuchotsamo kuseka. Ndinalonjezanso kuti ndikapambana mluzu udzathetsedwa, chifukwa mluzu ndi woitanira agalu, ndipo ife a kum'mawa, Achewa ndi Angoni, ndife amodzi ndiponso ndife anthu okhulupirika. Anzanga anaomba m'manja mpaka fumbi. Mwansa anaima patali, mabuku ali pachifuwa.

Povota tinkaima pamzere kumbuyo kwa amene tamufuna. Mzere wanga unakafika mpaka pa mtengo wa mango. Kumbuyo kwa Mwansa kunaima atsikana anayi ndi mnyamata mmodzi amene sanamve bwino malangizo. Anyamata a Chingoni, motsogozedwa ndi Jere amene anali wamtali kuposa aphunzitsi, anandinyamula pamapewa kuzungulira bwalo la mpira. Kiyi ndinaimangirira pachingwe n'kuivala m'khosi, kunja kwa malaya kuti izioneka. Tsiku lomwelo ndinasankha nduna zanga: nduna ya malichero, nduna ya makoko, ndi msuweni wanga Mateyo ngati nduna yoona za pakhomo.

Sabata yoyamba tinkasenda kalasi yonse tikaweruka. Simunaonepo ana akugwira ntchito mwakachetechete chotero. Kunkangomveka kuthetheka kwa makoko ndi kaphokoso kena kapansipansi kochokera m'masaya. Ndinalamula kuti kulawa n'kololedwa, pofuna kudziwa ngati mbewuyo ili yamoyo, ndipo tinapeza kuti inali yamoyo kwambiri. Nsawa zaziwisi zimakoma ngati mkaka, ndipo zimakoma koposa ukamadya ndi chilolezo cha boma. Amene ankaimba mluzu anali Mwansa yekha, pakona, lichero lili pamiyendo.

Pofika Lachisanu thumba lija, limene poyamba linkandifika pachifuwa, linali litatsika mpaka m'chiuno. Ndinaganiza mozama, n'kupeza kuti vuto silinali kudya ayi, koma kuchuluka kwa pakamwa. Lolemba ndinalengeza kuti Angoni apume kaye pa ntchito yosenda, popeza iwo ndi anthu a ng'ombe ndipo za nsawa anazidziwira kuno. Jere anandiyang'ana kuchokera kumwamba kwakeko.

"Si iwe unkati tonse ndife amodzi?"

"Ndife amodzi," ndinatero, "koma pali amodzi enieni."

Anachoka akung'ung'udza, ndipo thumba linapitirizabe kutsika. Lachinayi ndinazindikira kuti ngakhale pakati pa Achewa pali ena a kutsidya kwa dambo amene khalidwe lawo silidziwika bwino, choncho tinatsala a m'mudzi mwathu okha. Sabata yachitatu tinatsala awiri, ine ndi Mateyo. Kenaka ndinakumbukira kuti amayi ake a Mateyo ndi amayi anga si a bere limodzi, ndipo nayenso ndinamuchotsa pa udindo. Mtundu wanga unali utachepa mpaka kutsala munthu mmodzi, ndipo munthuyo m'mimba munkamupota.

Kuti thumba lisaoneke lofota, ndinabwezeramo makoko, pansi n'kuikako timiyala kuti lilemere, pamwamba n'kuyalapo nsawa zosenda zimene zinatsala. A Sakala akasuzumira pakhomo ankaona thumba lonenepa, n'kundiyamikira. Mwansa anapempha kawiri kuti alowetse dzanja mpaka pansi, ine n'kumauza anthu kuti ndi nsanje ya woluza chisankho. Ena onse ankadziwa zoona zake, koma panalibe woti n'kukanena, chifukwa aliyense anali ndi mbale yake m'mimba. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinali nditaukhalira bwinobwino.

Chimene ndinaiwala n'chakuti mvula sichita nawo kampeni. Inagwa Lamlungu, yamphamvu, ndipo Lolemba m'mawa kalasi yonse inali m'munda, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse, mizere makumi anayi ikudikira. A Sakala anayala chiguduli pansi n'kutembenuza thumba lija. Poyamba panagwa nsawa zofiira zokongola. Kenaka makoko, makoko, makoko, ndipo pomalizira timiyala tija tinagubuduzika mpaka pa nsapato zawo. Mbewu yeniyeni inangokwana mizere inayi.

"A tcheyamani," anatero a Sakala mofatsa, "tafotokozani."

Ndinati ndi makoswe.

"Makoswe a pasukulu pano ndi ophunzira ndithu," iwo anatero. "Amasenda, n'kubwezera makoko m'thumba, n'kumanganso kukamwa kwake ndi luzi."

Ndinati mwina ndi adani anga pa ndale. Iwo anandikumbutsa kuti kiyi inali m'khosi mwanga. Pamenepo ndinatembenukira kwa anthu anga, aja anandinyamula pamapewa, kuti wina anenepo kanthu. Jere anayang'ana kumwamba n'kuyamba kuimba mluzu. Mateyo anamutsatira. Posakhalitsa kalasi yonse inali kuimba mluzu, aliyense akuyang'ana kwake, ngati sanandionepo chibadwire.

Amayi anaitanidwa tsiku lomwelo, ndipo amalume anabwera nawo atavala jekete, kudzanditeteza. Anauza a Sakala kuti nkhaniyi inali ndi dzanja la anthu akunja, kuti mwanayu akumuchitira chiwembu chifukwa ndi mwana wa pano, ndiponso kuti chibale ndi fupa sichiola. A Sakala anawalola kuti amalize.

"Ndamva, a Yokoniya. Mwanayu ndi wanu?"

"Wathu weniweni."

"Ndiye mbewu ichokere kwanu, mawa m'mawa, chinyezi chisanathe."

Amalume anayang'ana wotchi yawo, imene inaima kalekale, n'kukumbukira kuti anali ndi msonkhano wa nthambi. Mbewu yawo anali atadya m'mwezi wa Ogasiti.

Amayi sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kumenyedwa kukanakhala bwino. M'mawa mwake anatsitsa thumba lija kudenga, n'kulisenza, n'kundiuza kuti ndiziyenda patsogolo pawo. Pasukulu anathira yoposa theka la mbewu yawo pachiguduli, ana onse akuonerera. Kiyi anapatsidwa Mwansa popanda wotsutsa. Mbewuyo inasendedwa tsiku limodzi, ndipo munda wa sukulu unamera bwino kuposa minda yonse ya m'deralo. Mwansa sananditonze ngakhale kamodzi, chinthu chimene chinandiwawa kuposa kutonzedwa.

Kunyumba mizere inali itakonzedwa kale munda wonse. Mbewu yotsala inatha tisanafike pakati, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kumalire kunali dothi lokhalokha. Ndinaganiza kuti mbali imeneyo tingoisiya, koma amayi anandipatsa khasu.

"Uko ndi kwako," anatero. "Uzikapalira."

"Koma amayi, kulibe mbewu."

"Mbewu yake unadzala m'mimba. Mizere ilipo, udzu umera. Kapalire."

Ndinapalira mizere yopanda kanthu dzinja lonse. Munda wathu unali m'mbali mwa njira yopita kuchigayo, ndipo aliyense wodutsa ankatsika panjinga kuti andipatse moni. "Mwaswera bwanji, a tcheyamani? Chaka chino mwadzala mtundu wanji, wosaoneka ndi maso?" Ngakhale amalume anadutsa tsiku lina, n'kundiuza kuti ndisataye mtima, atsogoleri onse akuluakulu anayamba ndi kunamiziridwa. Khasu sanaligwire.

Zoseketsa zinathera pokolola. Chaka chimenecho ndiwo zathu zinali zopanda nsinjiro, ndipo mlongo wanga anapita kusukulu ndi yunifomu yomwe ija yachigamba kumbuyo, chifukwa nsawa zogulitsa kunalibe. Iye sanalawe ngakhale njere imodzi ya m'thumba la sukulu. Tsiku lina ndinapeza amayi atakhala pakhonde akusankha tinsawa tofota, timene zaka zonse ankatipatsa kuti tikazinge, n'kumatiika padera kuti tidzakhale mbewu ya chaka chamawa. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ndipo ndinalira. Iwo sanakweze mutu.

"Okuvotera anali angati?" anafunsa.

Ndinati pafupifupi kalasi yonse.

"Nanga lero ali kuti?"

Anapitiriza kusankha.

Tsopano ndine bambo wa ana atatu, ndimagulitsa zipangizo za njinga pamsika ku Chipata, ndipo sindinaimenso pa chisankho chilichonse, ngakhale cha komiti ya maliro. Nyengo ya kampeni ikafika, magalimoto a zokuzira mawu amadutsa pa shopu yanga, ndipo mikangano ija ya pakhonde imabwereranso, ya amene ayenera kutsogolera chipani ndi kumene anabadwira. Anthu amene mbiri yawo tonse tikuidziwa amatsika m'galimoto, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundiuza m'chilankhulo changa kuti ndisaiwale kuti iwo ndi anga. Sindiwatsutsa, chifukwa nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kungoti zimenezo sizinditonthoza mtima. Ndinaona ndi maso anga kuti wako akadya, wakunja amangodandaula n'kupita, koma thumba limene limatsitsidwa kudenga ndi la m'nyumba mwanu. Amayi anga nawonso anali ndi wawo pa udindo.