Dzina langa lili m'chigafa

Abale, sabata ino ndatulukira zimene akatswiri a ubongo akhala akusaka zaka zambirimbiri. Ine ndemwe, amene koleji ndinangoilawa materemu awiri.

Chabwino, kutulukirako ndi kwa abambo anga, ndipo eniakewo sakudziwa kuti atulukira kanthu.

Mwezi watha anadwala sitiroko. Chitulukireni m'chipatala, kuyenda akuyenda, kudya akudya, koma anthu sakuwazindikira. "Takulandirani, achimwene," amandiuza mwaulemu. Chibadwire changa abambo sanandipatsepo ulemu, ndiye zimenezi zinandiopsa.

Adokotala anati aliyense amalongedza m'mutu mwake mosiyana ndi mnzake. Munthu yemweyo, wina amamusunga pamodzi ndi nkhope, wina ndi fungo, wina ndi ntchito ya manja. "Mwina mukadalimo," anatero, "kungoti sitikudziwa kuti anakuikani pati."

Lachiwiri ndinanyamuka pa Namitete kupita kumudzi kukadzifunafuna. Ndinawaonetsa chithunzi changa ndili mwana. Ndinatchula dzina langa katatu. Anandithokoza, n'kufunsa ngati ndine wa boma.

Nditagwa ulesi ndinakakhala nawo m'chigafa, momwe manja awo ankasankha fodya ngati palibe chachitika: masamba apansi uku, apakati uku, ong'ambika uko. Poopa kungokhala, ndinatola masamba angapo n'kuwamanga pamodzi.

Anandilanda. Anamasula, n'kusolola tsamba lakuda limene ndinaphatikiza ndi ofiira.

"Kamangidwe kaulesi aka ndikukadziwa," anatero osadzutsa mutu. "Ndi ka Yohane, uja anandidyera mabelo ku koleji."

"Ndine amene, ababa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ayi. Inu mukuoneka munthu wabwinobwino."

Tonsefe timayenda mapewa m'mwamba poganiza kuti m'mitu ya abale athu tinasungidwa pamalo aulemu. Kodi munalowamo n'kuona? Mwina kwa akazi anu mumakhala limodzi ndi denga lodontha. Mwina kwa ana anu muli pafupi ndi fungo la kachasu. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma sanatiuze kuti ukaolokako umakadzipeza uli pa mulu wa fodya wokanidwa.

Madzulo ndinawatsanzika. Anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundipempha kuti ndikakumana ndi Yohane m'tauni ndimuuze abwere, bambo ake sakupeza bwino.

Ndinalonjeza kuti ndikamuuza.

Kafukufuku yenseyu wandidyera K3,000 ya kabaza. Pobwerera ndinayenda pansi.